Tenda ikufuna "full cutoff" koma nyali zalembedwa B2-U0-G2: titsate ziti?

Mphatso: Moni nonse pagulu pano. Zikalata zambiri za tenda ya nyali za mumsewu ndi za m'malo oimika magalimoto zikulembabe kuti nyali ikhale "full cutoff". Koma ukatsegula mapepala a opanga nyali za LED mawu amenewa sakupezekanso, m'malo mwake akulemba B2-U0-G2 kapena zina zotero. Kodi U0 ndi full cutoff yomweyo yangosintha dzina? Nanga wogula apemphe mapepala ati kuti atsimikize kuti zolembedwazo n'zoona?

A Gondwe: Ayi a Mphatso, si chinthu chimodzi, ngakhale zimakumana pa mfundo imodzi. Kale bungwe la akatswiri a zowunikira la IES (Illuminating Engineering Society) la ku North America linkagawa nyali za panja m'magulu anayi: full cutoff, cutoff, semicutoff ndi noncutoff. Magulu onsewa ankayang'ana makandela (mphamvu ya kuwala kolowera mbali imodzi) pa madigiri 80 ndi 90, kuwerenga kuchokera pansi penipeni pa nyali. Madigiri 90 ndiye mzere wopingasa, pa msinkhu wa nyaliyo. Full cutoff inkafuna ziro pa 90 ndi kumwamba konse, ndipo pa 80 makandela asapose 100 pa malumeni 1,000 alionse a babu (malumeni ndi kuchuluka kwa kuwala konse kotuluka). Cutoff inkalola 25 pa 90 ndi 100 pa 80, semicutoff 50 ndi 200, noncutoff inalibe malire.

Vuto lagona pa mawu akuti "pa malumeni 1,000 alionse a babu". Malirewo ankakula pamodzi ndi babu. Babu la sodium la mawati 150 limatulutsa malumeni pafupifupi 16,000, choncho linkaloledwa makandela 1,600 pa madigiri 80. La mawati 400 limatulutsa pafupifupi 50,000, ndiye linkaloledwa 5,000. Zonse ziwiri ndi full cutoff pa pepala, koma woyendetsa galimoto imodzi ikumuthobwa katatu kuposa inzake. Komanso muyezowu sunkanena kanthu za kuwala kolowa m'mawindo a nyumba zomwe zili kumbuyo kwa mzati, ndipo wopanga nyali ankatha kuunjika kuwala kwake konse pa madigiri 75 osaphwanya lamulo.

Thokozani: Ndiwonjezere mbali ya ku labu, chifukwa ndi imene inamaliza muyezo wakalewo. Nyali za mababu zinkayezedwa kawiri: babu palokha, kenako babu lili m'kati mwa nyali, n'kuyerekeza ziwirizo. LED sungaichotse m'nyali n'kuiyeza payokha, chifukwa kuwala kwake kumadalira kutentha, ndipo kutenthako kumadalira thupi la nyali yomweyo ndi driver yake, kachipangizo kopereka magetsi ku LED. N'chifukwa chake LM-79, njira ya IES yoyezera nyali za LED yomwe inatuluka mu 2008, inati nyali yonse iyezedwe yathunthu ndipo malumeni olembedwa akhale amene atulukadi m'nyalimo. Ndiye "malumeni a babu" palibenso. Mukafuna kuwerengera cutoff ya nyali ya LED mugawa ndi chiyani? Mapulogalamu ena amangolowetsa malumeni a nyali yonse pamalo pa a babu n'kutulutsa yankho, koma limenelo si tanthauzo loyambirira.

Mphatso: Ndamva. Nanga zilembo zitatuzo zimawerengedwa bwanji?

A Gondwe: Zinachokera mu chikalata cha IES chotchedwa TM-15. Chikalatachi chinatuluka mu 2007, zilembo zitatuzi, zotchedwa BUG, zinawonjezedwa pambuyo pake, ndipo chinakonzedwanso mu 2011 ndi mu 2020. Malo onse ozungulira nyali amagawidwa m'zigawo khumi. Kutsogolo, mbali ya msewu, kuli zinayi: FL kuyambira 0 mpaka madigiri 30, FM 30 mpaka 60, FH 60 mpaka 80, FVH 80 mpaka 90. Kumbuyo zilinso zinayi zofanana, BL, BM, BH ndi BVH. Kumwamba kuli ziwiri, UL kuyambira 90 mpaka 100 ndi UH kuyambira 100 mpaka 180. Labu imawerenga malumeni enieni ogwera m'chigawo chilichonse, osati peresenti.

B ndi kuwala kopita kumbuyo, U kothawira kumwamba, G kothobwa m'maso, chilichonse kuyambira 0 mpaka 5. Pa U manambala a 2011 ndi osavuta kukumbukira: U0 ndi ziro m'zigawo zonse ziwiri, U1 malumeni 10, U2 50, U3 500, U4 1,000, kupitirira apo ndi U5. Pa G, kwa nyali zoponya kuwala mbali imodzi, chigawo cha FVH chimalola malumeni 10 pa G0, 100 pa G1, 225 pa G2, 500 pa G3 ndi 750 pa G4, pomwe FH imalola 660, 1,800, 5,000, 7,500 ndi 12,000. Chigawo choipitsitsa ndicho chimapereka nambala. Zigawo zitatu zikhoza kukhala pa G1, chimodzi chikangolowa G3, nyali yonse ndi G3.

Ndiye yankho lanu: nyali ya full cutoff yeniyeni imakhala U0, koma U0 sikuuzani kanthu za pa madigiri 80. Imeneyo ndi ntchito ya G.

Mayi Nkhoma: Apa ndi pomwe olemba tenda ambiri amadzitchera okha msampha. Popeza BUG imawerenga malumeni enieni, nambala imasintha ndi kukula kwa nyali ngakhale lenzi ikhale yomweyo. Tiyerekeze lenzi yomwe imatumiza 30 peresenti ya kuwala ku FH ndi 1.5 peresenti ku FVH. Pa nyali ya malumeni 5,000 zimenezo ndi 1,500 ndi 75, ili mu G1. Lenzi yomweyo pa nyali ya malumeni 20,000 ipereka 6,000 ndi 300, yalowa G3. Choncho munthu akalemba kuti akufuna malumeni 20,000, mizati yotalikirana kwambiri, komanso G1, wapempha chinthu chomwe sichingatheke. Kuti kuwala kufike pakati pa mizati iwiri yotalikirana kuyenera kudutsa m'chigawo cha 60 mpaka 80 chomwecho chimene G ikuchepetsa. Wogulitsa woona mtima amalephera tenda yoteroyo, wopambana amakhala amene wakopera BUG ya nyali yaing'ono kwambiri ya m'banjalo n'kuimata pa yaikulu.

Muzipempha BUG ya mtundu weniweni womwe mukugula: mawati amenewo, lenzi imeneyo, makelvin amenewo (muyezo wa mtundu wa kuwala), ndipo ngati mudzaika chotchinga chakumbuyo, fayilo ya zotsatira za kuyeza kuwala ikhale ya nyali yokhala ndi chotchingacho.

Limbani: Ine ndikutsutsako pang'ono. BUG anthu akuitamanda mopitirira. Siidziwa kutalika kwa mzati. Malumeni 300 a FVH ochokera pa mzati wa mamita 4 ndi omwewo ochokera pa mamita 12 sathobwa mofanana, koma zonse zilembedwa G3. Ndipo imaphatikiza chigawo chonse, kotero lenzi yokhala ndi kansonga kakuthwa ka kuwala kolunjika m'maso mwa dalaivala ikhoza kupeza nambala yabwino chifukwa kansongako ndi kopyapyala.

A Gondwe: Simukunama a Limbani, koma BUG sinapangidwe kuti ilowe m'malo mwa kuwerengera msewu. Ndi sefa yoyamba basi. Ngakhale Model Lighting Ordinance, yomwe IES inalemba pamodzi ndi International Dark-Sky Association mu 2011, siigwiritsa ntchito yokhayokha. Imagawa malo kuyambira LZ0, komwe kuyenera kukhala mdima wachilengedwe, mpaka LZ4, komwe kumakhala piringupiringu usiku wonse, kenako B yololedwa imadalira kuti mzati watalikira bwanji ndi malire a puloti, poyeza ndi kutalika kwa mzatiwo. Mzati ukayandikira malire, B yololedwa imatsika. Kutalika kwa mzati kumalowera pamenepo.

Limbani: Pa B zoona. Pa G ndikadali pomwepo. Ku Europe ndikuona kuti anaigwira bwino nkhaniyi. EN 13201, muyezo wawo wa kuunikira misewu, imafuna kuti uwerengere TI, ndiye kuti kuchuluka kwa mmene kuthobwa kwachepetsera kuona kwa dalaivala pa msewu weniweniwo, ndi mizati yeniyeniyo. Misewu ya magalimoto imagawidwa m'magulu M1 mpaka M6: pa M1 ndi M2 isapose 10 peresenti, M3 mpaka M5 isapose 15, M6 isapose 20. Pamene TI singawerengedwe, monga pa mphambano, m'pamene amagwiritsa ntchito magulu a G*1 mpaka G*6, omwe amaika malire a makandela pa nyali yokha. Ndipo taonani, nawonso anakumana ndi vuto la LED lomwe a Thokozani anena. Mu 2015 anasintha kuti makandela aziyerekezedwa ndi malumeni otuluka m'nyali osati a babu, n'kuika kanyenyezi pa G kuti anthu asasokoneze ndi zakale. G*6 ndiyo yokhwima: makandela 350 pa malumeni 1,000 pa madigiri 70, 100 pa 80, ziro pa 90.

Mayi Nkhoma: Chenjezo kwa olemba: G3 ya BUG ndi G*3 ya EN 13201 si pachibale n'komwe. Mu BUG nambala yaing'ono ndiyo yabwino, mu EN yaikulu ndiyo yabwino. Sankhani banja limodzi la miyezo ndipo mulitchule ndi chaka chake. Chaka n'chofunika. Chitsanzo ndi CIE 150, chikalata cha malire a kuwala kosokoneza chomwe chimagawa madera kuyambira amdima mpaka owala kwambiri (E4): ya 2003 inkalola 5 peresenti ya kuwala kuthawira kumwamba m'dera la E2, 15 mu E3 ndi 25 mu E4. Ya 2017 inatsitsa kufika 2.5, 5 ndi 15, n'kuwonjezera dera la E0. Mukangolemba "motsatira CIE 150" aliyense asankha yomwe ikumukomera.

Yamikani: Akuluakulu, zonsezi zikuthera pa mzati. U0 imayezedwa nyali ili chopingasa, galasi lake litayang'ana pansi ndendende. Mikono yambiri ya mizati yakale inapindidwa kukwera m'mwamba ndi madigiri 5, 10 kapena 15, chifukwa nyali zakale zinkafuna zimenezo kuti zifike tsidya lina la msewu. Mukaveka nyali ya U0 pa mkono wa madigiri 10 osaibweza, kuwala kwa kutsogolo komwe kunali pakati pa 80 ndi 90 kwakwera pamwamba pa mzere wopingasa. Pa chitsanzo cha mayi Nkhoma chija, mwa malumeni 75 aja pakangodumpha 11, nyali ija yafika kale U2.

Kukonza kwake n'kosavuta ngati zaganiziridwa pogula. Nyali ikhale ndi chomangira chosinthika chotha kutsika mpaka madigiri 15 pansi pa ziro. Woika aike levulo pa thupi la nyali mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo komanso m'mbali, asanamange mabawuti komaliza, ndipo amange ndi sipanala yoyeza mphamvu monga wopanga walembera. Bawuti yomangidwa mopitirira imang'amba aluminiyamu, yosakwana imalola nyali kutembenuka ndi mphepo.

Ku France lamulo la pa 27 December 2018 linaiona nkhani imeneyi. Linaika manambala awiri, osafika 1 peresenti kwa nyali monga yachokera ku fakitale ndi osafika 4 peresenti itaikidwa pa mzati.

Mphatso: Zikomo a Yamikani, zimenezo sizilembedwa kawirikawiri. Ndibwerere ku funso lachiwiri lija. Lipoti la LM-79 likabwera, ndiyang'ane pati?

Thokozani: Yambani ndi tsamba loyamba. Nambala ya mtundu wa nyali ifanane chilembo ndi chilembo ndi yomwe ili pa invoisi, pakhale chithunzi cha nyali yoyezedwayo, ndipo labu ikhale yovomerezeka pansi pa ISO/IEC 17025 ndi LM-79 kapena CIE S 025 ikutchulidwa pa mndandanda wa ntchito zomwe inavomerezedwa. Satifiketi ya labu yoyeza mawaya si umboni wa kuyeza kuwala.

Kenako mikhalidwe ya poyeza. Mpweya wa m'chipinda ukhale madigiri 25, ndipo nyali iyake mpaka itakhazikika. LM-79 ya 2008 inkafuna kuti kuwala ndi mawati zisasinthe kuposa 0.5 peresenti pa mphindi 30. Nyali yaikulu ya mumsewu imatha kutenga ola kapena awiri kuti ifike pamenepo. Woyeza mothamanga, nyali ikadali yozizira, amapeza malumeni ambiri kuposa enieni.

Makina ndi awiri. Mpira waukulu woyera m'kati, integrating sphere, umapereka malumeni onse pamodzi ndi mtundu wa kuwala. Goniophotometer ya mtundu C ndiyo imapereka makandela pa ngodya iliyonse, nyali ili mmene imakhalira pa mzati. BUG singachokere mu mpira, chifukwa mpira sudziwa kuti kuwala kwalowera kuti. Lipoti lokhala ndi mpira wokha koma likulemba B2-U0-G2 libwezeni.

Pomaliza tsegulani fayilo ya IES, yomwe imasunga makandela a nyali pa ngodya iliyonse, ndi pulogalamu wamba yolembera, ndi mawu ndi manambala chabe. Pansi pa mzere wa TILT pali mzere wa manambala khumi. Nambala yachiwiri ndi malumeni a babu, ndipo pa nyali ya LED yoyezedwa yathunthu iyenera kukhala -1. Yachitatu ndi yochulukitsira. Ikakhala yosiyana ndi 1, mwina fayiloyo yangokwezedwa pa kompyuta kuchokera ku nyali ina. Kenako onani mndandanda wa ngodya zoimirira. Ngati ukuthera pa 90 osafika 180, kumwambako sikuli m'fayilo, ndipo pulogalamu iliyonse ikuuzani U0 chifukwa yapeza opanda kanthu. U0 yotereyi ndi yosayezedwa.

Limbani: Kukweza fayilo pa kompyuta si chinyengo nthawi zonse, a Thokozani. Banja limodzi la nyali limakhala ndi mitundu mazana ukaphatikiza mawati, malenzi ndi makelvin. Palibe angayeze yonse.

Thokozani: Zoona, ndipo ndi chizolowezi chovomerezeka bola anene poyera kuti fayilo iyi yachokera ku lipoti lakuti, ndi nambala yochulukitsira yakuti. Chomwe sichiyenda n'kuchulukitsa mwachindunji ngati kuti mawati akawirikiza malumeninso awirikiza. Mukawonjezera current, LED imatentha ndipo malumeni pa wati amatsika. Pa oda yaikulu, pemphani kuti nyali imodzi kapena ziwiri zotengedwa mwachisawawa m'katundu wofika ziyezedwe ku labu yomwe si ya wogulitsa.

Palinso mbali ina ya U0 yomwe imapweteka opanga oona mtima. Ziro ndi ziro, koma m'labu mumakhala kuwala kochepa kobwerera kuchokera ku makoma ndi ku makina. Labu ikapanda kukuchotsera bwino, nyali ya galasi lafulati yomwe singathe n'komwe kuponya kuwala kumwamba imatuluka U1 chifukwa cha malumeni awiri kapena atatu. Choncho musangowerenga chilembo, onani tebulo la malumeni a zigawo khumi zija.

Chisomo: Ndilowetse nkhani ya "maola 100,000" omwe opanga amalemba ngati moyo wa nyali, chifukwa ndi pomwe mapepala amanama kwambiri. LM-80, mayeso a mmene kuwala kumazilalira ndi nthawi, siyeza nyali. Imayeza tinthu ta LED tokhatokha, maola osachepera 6,000, pa kutentha kodziwika monga madigiri 55 ndi 85, pa current yodziwika. TM-21, yomwe inayamba mu 2011, ndiyo imatenga manambalawo n'kulosera m'tsogolo, ndipo ili ndi malire: ngati anayeza tinthu 20 kapena kuposa, sungalosere kupitirira maola oyezedwawo kuchulukitsa ka 6. Ngati tinali 10 mpaka 19, ndi ka 5.5. Maola 6,000 amakupatsa 36,000. Maola 10,000 amakupatsa 60,000. Kuti munthu alembe 100,000 movomerezeka ayenera kukhala atayeza maola pafupifupi 16,700, zomwe ndi zaka ziwiri kuperewera pang'ono, usana ndi usiku. Malipoti otero alipo, koma muwaone ndi maso. Nambala yaikulu yotuluka mu masamu popanda malire aja si yoti ilembedwe ngati moyo wa nyali.

Ndipo L70 ndi L90 musazisakanize. L70 ndi nthawi yomwe kuwala kwatsala 70 peresenti. Nyali yoyaka maola 12 usiku uliwonse imadya maola 4,380 pa chaka, ndiye 60,000 ndi zaka pafupifupi 14. Ngati powerengera msewu munaganiza kuti kuwala kudzatsika ndi 10 peresenti yokha, mukufunika L90 pa maola amenewo, osati L70.

Mphatso: Nanga ngati LM-80 ndi ya tinthu ta LED tokha, ikugwirizana bwanji ndi nyali yomwe ndagula?

Chisomo: Pali pepala lachitatu, ISTMT. Amamata kawaya koyezera kutentha pa malo enieni omwe wopanga LED anasonyeza, pa LED yotentha kwambiri m'nyalimo, nthawi zambiri ya pakati pa bolodi, nyali itatsekedwa bwinobwino n'kuyaka mpaka kukhazikika. Kutentha kopezekako kusapose kwa pamwamba kwa mu LM-80, ndipo current ya LED imodzi m'nyalimo isapose yomwe inayezedwa. Kukagwera pakati pa 55 ndi 85, TM-21 imalola kuwerengera chapakati. Kukapyola kwa pamwamba, lipoti la LM-80 lija silikukhudzanso nyali yanu. Mapepala atatuwa aziyenda limodzi, limodzi likasowa awiri enawo sakutsimikizirani kanthu. Pali njiranso yoyeza nyali yathunthu, LM-84 ndi TM-28, koma si ambiri amaichita chifukwa imadya malo ndi nthawi.

Yamikani: Koma abale, ndi nyali zingati zomwe zimatsitsidwa pa mzati chifukwa LED yazilala? Zambiri zimafa ndi driver, madzi kapena mphenzi, L70 ikadali kutali. Makapasita a mu driver amauma ndi kutentha, ndipo lamulo lapafupi ndi lakuti madigiri 10 alionse owonjezera amadula moyo wawo ndi theka. Pa thupi la driver pamakhala kadontho kolembedwa tc. Funsani kutentha kwa pamenepo driver ili m'nyali yotseka, n'kuyerekeza ndi tebulo la moyo wake.

Thokozani: Ndipo dziwani kuti IEC 60598-2-3, muyezo wa nyali za mumsewu, umalola kuchotsa madigiri 10 pa kutentha koyezedwa m'labu poganiza kuti panja pamakhala kamphepo. Usiku wa bata komanso wotentha kamphepo kameneko kulibe. Kumalo otentha onani nambala ya ta yolembedwa pa nyali, ndiye kutentha kwa mpweya komwe nyali inapangidwira kupirira, ndipo musankhe yokhala ndi malo otsala.

Pa madzi, IP65 ndi IP66 zimasiyana kwambiri kuposa mmene manambala akuonekera. IP65 ndi paipi ya kamwa la mamilimita 6.3 yotulutsa malita 12.5 pa mphindi. IP66 ndi kamwa la mamilimita 12.5 ndi malita 100 pa mphindi. IP67 ndi kumiza mita imodzi kwa mphindi 30, ndipo siitanthauza kuti nyaliyo inapambana mayeso a paipi, n'chifukwa chake ena amalemba zonse ziwiri. Chofunika kwambiri ndi muyezo womwe unatsatidwa. IEC 60529 ndi ya mabokosi a zamagetsi onse. IEC 60598-1 ndi ya nyali, ndipo imafuna kuti nyali iyake mpaka itenthe, izimitsidwe, n'kuthiridwa madzi nthawi yomweyo. Mpweya wa m'kati ukamazizira umanyala n'kukoka madzi kudzera paliponse pofooka, monga mmene botolo la pulasitiki lotsukidwa ndi madzi otentha limafinyikira ukalitseka. Mvula ikagwa pa nyali yotentha zimachitika zomwezo. Nyali yoyezedwa ili yozizira ikhoza kupambana IP66 n'kudzaza nthunzi m'galasi mvula yoyamba. Kachibowo kopumira kokhala ndi nsalu yolola mpweya koma yokana madzi ndiko kamathetsa zimenezi.

Yamikani: IP yonseyo imathanso m'manja mwa woika. Chingwe chopyapyala kuposa kukula kwa gland (chomangira chomwe chingwe chimalowera m'nyali), chingwe chafulati mu gland yozungulira, labala yotsekera yopanidwa potseka chivundikiro, bowo lotsala losatsekedwa. Chingwe chizitsika kaye pang'ono chisanalowe m'nyali kuti madzi adonthere pansi. Onaninso ngati IP yolembedwayo ndi ya chipinda cha LED chokha kapena ndi cha driver chomwe, chifukwa nyali zina zili ndi manambala awiri.

IK, muyezo wa kulimba kwa nyali ikamenyedwa, ndi yosavuta: IK08 ndi majoule 5, chitsulo cha makilogalamu 1.7 chogwa kuchokera mamilimita 300. IK10 ndi majoule 20, makilogalamu 5 kuchokera mamilimita 400. Nyali za pansi zomwe anthu angazifikire zikhale IK10. Za pa mzati wautali IK08 imakwanira, ndipo galasi la IK08 silichita chikasu ndi dzuwa ngati polycarbonate ya IK10.

A Gondwe: Za mphenzi, ANSI C136.2 ili ndi masitepe atatu: 6 kV ndi 3 kA, 10 kV ndi 5 kA, 20 kV ndi 10 kA. Nambala payokha siikwanira. Funsani ngati ndi ya pakati pa waya wamoto ndi neutral kapena ya pakati pa mawayawo ndi earth, pakuti mapepala ena amalemba yaikulu mwa ziwirizo. Funsaninso mmene chotetezera ku mphenzi chalumikizidwira. Tinthu ta MOV ta m'katimo, tomwe timameza mphamvu ya mphenziyo, timatopa nthawi iliyonse tikamenyedwa. Chikalumikizidwa m'mbali, chikafa nyali imapitiriza kuyaka yopanda chitetezo ndipo palibe amadziwa mpaka driver itapsa. Chikalumikizidwa motsatana, chikafa nyali imazima ndipo wokonza amasintha kachipangizo kakang'ono m'malo mwa driver. Pa nyali ya Class I, yomwe thupi lake limalumikizidwa ku earth, zonsezi zimadalira earth yabwino pa mzati uliwonse.

Pa milatho muonjezere mayeso a kunjenjemera a ANSI C136.31, omwe ndi 3G pomwe msewu wamba ndi 1.5G (G pano ndi mphamvu yokokera ya dziko, si G ya BUG).

Limbani: Makelvin sitinawatchule. BUG siona mtundu wa kuwala. Nyali ya 5,700 K ndi ya 2,700 K zikhoza kukhala B1-U0-G1 zonse, koma yoyera mobiriwirayo imamwazika kwambiri mumlengalenga ikabwerera kuchokera pa tara ndi pa makoma, ndipo anthu amaidandaula kwambiri kuti ikuthobwa. American Medical Association mu 2016 inalimbikitsa 3,000 K kapena kutsika pa nyali za mumsewu, ndipo lamulo la ku France lija linaikanso 3,000 K pa nyali za mumsewu ndi za malo oimika magalimoto. Mu tenda ikhale mzere wapawokha, ndipo nambala yake muitenge mu lipoti la LM-79 osati pa katoni.

Mayi Nkhoma: A Mphatso, pa tenda yomwe yatuluka kale ndi mawu a full cutoff, musayankhe mongoganiza. Lembani funso kwa eni tenda nthawi ya mafunso isanatseke, kuti avomereze U0 pamodzi ndi G yakuti m'malo mwake, ndipo yankho lipite kwa opikisana onse. Ngati akana kusintha, tengani tebulo la makandela mu lipoti la LM-79, muonetse ziro pa 90 ndi kumwamba konse, kenako mutenge kandela yaikulu kwambiri pa 80 kupita m'mwamba, mbali zonse, muigawe ndi malumeni a nyali n'kuchulukitsa ndi 1,000. Ikhale 100 kapena kutsika. Mulembe momveka kuti mwagawa ndi malumeni a nyali chifukwa a babu palibe. Kawerengedwe kameneka n'kokhwima kuposa kakale, popeza malumeni a nyali ndi ochepa kuposa a gwero la kuwala, choncho palibe angakuuzeni kuti mwadzikomera.

Mphatso: Nanga Type II ndi Type III zomwe zimalembedwa pa mapepala a nyali nazonso zinatha?

A Gondwe: Zimenezo zikadalipo, ndipo BUG siilowa m'malo mwake. Zimanena kuti kuwala kukufika patali bwanji modutsa msewu, poyeza ndi kutalika kwa mzati. Type II imathera pa 1.75, Type III pa 2.75, Type IV imapitirira apo, Type V ndi yozungulira mbali zonse. Short, medium ndi long zimanena za motsata msewu: nsonga ya kuwala ikagwera pakati pa 1 ndi 2.25 ndi short, mpaka 3.75 ndi medium, mpaka 6 ndi long. Kungoti malenzi a LED amaumba kuwala m'njira zomwe mababu sankatha, ndiye nyali ziwiri zolembedwa Type III medium zikhoza kupereka msewu wosiyana kwambiri. Ikani fayilo ya IES kapena LDT ya nyali iliyonse mu pulogalamu yowerengera kuwala monga DIALux kapena AGi32 ndi m'lifupi mwa msewu wanu, kutalika kwa mizati, mtunda wa pakati pake ndi kupendekeka kwenikweni kwa mkono, muone uniformity (kufanana kwa kuwala pa msewu wonse) ndi TI.

Yamikani: Ndipo kupendekekako wina akakuyeze pa mizati yomwe ilipo, osatenga pa mapulani akale. Mizati yogundidwa ndi magalimoto n'kuwongoledwa sibwerera pa madigiri ake.